Matiresi analowa, ine ndinatsala pakhomo

Ulendo wa pabasi wochoka ku Nairobi mpaka ku Kasungu si woti munthu wanzeru zake n'kuusankha yekha. Ine anandisankhira ndi mkazi wanga Tiyamike, ndipo mayi woti watsala pang'ono kuchira akafuna chinthu m'kanyumba kathu ka ku South B mu Nairobi, mwamuna alibe kothawira.

Mayi ake, a Nabanda, anagwa ndi sitiroko kumudzi. Dokotala anamuletsa Tiya ulendo uliwonse mpaka mwana atabadwa. Mng'ono wake Esinta, amene ankasamala odwalawo, ankatitumizira zithunzi pa foni, koma chilichonse chinkafika chili bii, pakati pali kanthu kotuwa koti sungadziwe ngati ndi munthu kapena thumba la chimanga. Chipinda cha mayiwo chili ndi kawindo kamodzi, nakonso anakatchinga ndi chitenje chifukwa chidwalireni maso awo safuna kuwala. Esinta anayesapo fulashi kamodzi, mutu unawapweteka tsiku lonse, ndipo sanayesenso.

"Ndikufuna nkhope ya amayi, a Mbewe," anatero Tiya tsiku lina ataponya foni pampando. "Kamera munagula ija ntchito yake ndi yojambula anyani okha ku paki?"

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. Kamerayo ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito amene ankabwerera kwawo, ndipo chigulireni inali itaona anyani, mbidzi ndi kwaya ya Amalawi anzathu a kutchalitchi basi.

Sizinathere pa chithunzi. Amayi a kumpingo anamuuza Tiya za fakitale ina ku Industrial Area yosoka matiresi a odwala, okutidwa ndi pulasitiki, oti munthu wogona nthawi yaitali asatuluke zilonda. Tinagula. Titafunsa za ndege, mtengo wonyamulira matiresiwo unali woti tikanagula bedi ndi chipinda chake chomwe. Apo m'pamene nkhani ya basi inabadwira.

Kutatsala tsiku limodzi ndinapita ku Luthuli Avenue, kumene masitolo a zamagetsi amapikisana kuliza nyimbo. Lenzi imene inabwera ndi kamera yanga imaona masana okha, dzuwa likangopendeka imayamba kulota. Mwini sitolo ina, Mwangi, bambo wamimba wovala magalasi pachipumi, anandiikira pathebulo malenzi awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, mtengo wake wofanana. Thumba langa linkalola imodzi.

Yoyamba inali yaitali, yolemera, yokoka zinthu zakutali kuti zibwere pafupi. Diso lake ndi laling'ono ndipo imamwa kuwala pang'onopang'ono, koma mkati mwake muli kachipangizo kogwira chithunzi kuti chisagwedezeke dzanja likamanjenjemera. Yachiwiri inali yaifupi ngati kabotolo ka mafuta odzola, yosakoka kanthu, koma diso lake ndi lotseguka kwambiri moti imameza kuwala konse kumene kulipo m'kuphethira kumodzi.

Mwangi anazimitsa magetsi kuseri kwa sitolo n'kundiuza kuti ndimujambule akupukusa mutu. Ndi yaitali ija mashelufu anatuluka bwinobwino, ngakhale zilembo za pamakatoni zinkawerengeka, koma iye anatuluka ngati mzukwa. Ndi yaifupi ija anatuluka mpaka imvi za m'ndevu. Anati yaitaliyo imagwira dzanja la wojambula, koma wojambulidwayo singamugwire. Nditafunsa kuti nanga munthu akakhala patali ndidzatani ndi yaifupiyi, anaseka n'kudzimenya pantchafu.

"Boss, hii zoom yake ni miguu."

Ankatanthauza kuti ukafuna nkhope umayenda ndi miyendo yako n'kukaima pafupi ndi mwini nkhopeyo. Ndinaseka naye, ndinalipira yaifupiyo, ndipo m'minibasi yobwerera kunyumba, imene kumeneko amati matatu, ndinkadzimva kuti ndine katswiri. Za miyendozo sindinaziganizirenso.

Basi ya ku Arusha anati inyamuka m'mamawa ku River Road. Ndinafika kusanache, matiresi ali pamutu pa munthu wa ngolo, ndipo nkhondo inayambira pomwepo. Kondakitala anawayang'ana uku ndi uku n'kugamula kuti ameneyu si katundu koma ndi munthu wokwera, alipire ngati munthu. Ndinakangana naye m'Chiswahili changa chothyokathyoka mpaka ndinatopa, ndinalipira. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, n'kukamatirira pa Mombasa Road pakati pa malole a ku Industrial Area. Pawindo ndinkaona madenga a ku South B, kwathu kwenikweni, kumene ndinachoka ndisanamwe ngakhale tiyi. Mtima unandiwawa poganiza kuti Tiya nthawi imeneyo anali asanadzuke.

Kitengela ndi Kajiado tinadutsa ndikugona ndi mkwiyo. Pamalire a Namanga anatitsitsa tonse ndi katundu yemwe. Matiresi anakana kulowa m'makina oyang'anira katundu, choncho ndinaima nawo pambali ngati mwana wolangidwa, anthu a mabasi ena akundidutsa. Wofufuza ataona kamera anandifunsa mwaulemu ngati ndili mtolankhani. Ndinati ayi, ndikukajambula apongozi anga.

Kumbuyo kwanga munthu anaseka, ndipo kasekedweko kanali ka kwathu. Nditacheuka ndinaona mayi wamtali, wa zikwama zazikulu zamizeremizere zitatu.

"Apongozi? Ulendo wonsewu? Koma aliko amuna m'dziko muno."

Anali Mayi Chisale a ku Lilongwe, ogula nsapato ndi zikwama kumsika wa Gikomba ku Nairobi n'kumakagulitsa kwathu. Njirayi ankaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo. Kuyambira pamenepo anandilanda ulendo. Ankandiuza pokhala, pogula madzi, ndi munthu woti ndisamuyankhe.

Ku Arusha tinagona m'nyumba ya alendo pafupi ndi depoti. Bedi lake linali ndi dzenje pakati, ndipo ine ndinagona m'dzenjemo, matiresi atsopano ataimirira pakhoma akundiyang'ana. Tiya anali atandilumbiritsa kuti pepala lokutira likang'ambidwe ndi Esinta, osati ine.

M'mawa tinakwera basi ya ku Mbeya. Matiresi analipiranso ngati munthu. Babati, Kondoa, Dodoma, zonsezo ndinangoziona ngati maina a pazikwangwani, chifukwa wailesi ya kanema inali pamwamba pa mutu wanga ndipo woyendetsa sankakhulupirira kuti anthu amamva mawu otsika. Titapitirira Dodoma, m'dziko la malambe ndi fumbi chakufupi ndi Mtera, basi inakhosomola kawiri n'kuima. Anati ndi mphindi zochepa. Mayi Chisale anatsika ndi chitenje, anayala pansi pa mtengo n'kuvula nsapato. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti mphindizo zikhala zazitali.

Tinadikira chitsulo chochokera ku Dodoma. Chinabwera panjinga yamoto, chinapezeka kuti si chimenecho, chinabwerera. Mabisiketi anatha, madzi anafunda, ana analira mpaka kutopa. Bambo wina anayamba kulalikira, anthu anamupempha kuti adikire kaye injini ilire. Dzuwa litalowa, kukuda, ndinati bola nditonthoze mtima ndi chinthu changa chatsopano. Ndinajambula amakaniko ali pansi pa basi, akuunikirana ndi foni imodzi, ndipo zithunzi zinatuluka zoti ine ndemwe sindinakhulupirire. Thukuta linkaoneka pamphumi, sipanala ili m'malere ikuoneka bwinobwino. Ndinadalitsa Mwangi ndi ana ake.

Mayi Chisale anati nawonso ndiwajambule, akatumizire amuna awo aone mmene ndalama ya nsapato imavutira. Ndinaima chapatali, ndinayang'ana m'kamera, anali aang'ono. Ndinasendera. Ndinasenderanso. Pamene nkhope yawo inadzaza bwino, mawondo anga anali atatsala pang'ono kugunda chitenje chawo.

"Mpaka pamphuno?" anafunsa akubweza mutu. "Achimwene, ndiye apongozi anuwo mukawajambula muli pamphuno chonchi?"

Kamera inandilemera m'manja.

Anthu a m'tauni ena amaseka mwambo umenewu, koma kwa a Nabanda ulipo wamoyo. Chikwatireni mwana wawo sindinakhalepo nawo mphasa imodzi. Tikakumana panjira amapatukira kutchire. Moni timapatsana iwo atakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, aliyense akuyang'ana kwake, ndipo nkhani zikuluzikulu zimadutsira mwa Tiya kapena Esinta. Nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali, ngati mutu wa pandalama yachitsulo. Kuchipinda kwawo ndiye sindinalotepo n'kulota komwe. Zonsezi ndimazidziwa ngati dzina langa, koma m'sitolo ya Mwangi, m'phokoso la Luthuli Avenue, ndinkaganiza za mdima wokha. Lenzi yoti ndikanaima nayo pakhomo n'kukoka nkhope ya munthu wogona phee pabedi ndinaisiya pathebulo paja, ndipo ndinanyamula yofuna miyendo, kupita kumene miyendo yanga siiloledwa.

Nditawafotokozera, Mayi Chisale anaseka mpaka kutsokomola. Anati safunsa anadya phula, ndipo ndikanafunsa mayi aliyense wa kumpingo akanandiuza. Ndinawayankha kuti amayi a kumpingo sadziwa malenzi. Anati koma amadziwa apongozi.

Injini italira, m'basi ndinayesa. Ndinaima pakhomo n'kujambula Mayi Chisale ali pampando wawo, mtunda wonga wa pakhomo la chipinda mpaka pabedi. Nkhope inatuluka ngati njere ya mtedza. Nditaikulitsa inasanduka mchenga. Kamera yanga ndi yakale, mumdima ilibe mphamvu yoti uzidula chithunzi n'kutsala ndi kanthu. Iringa ndi Makambako ndinadutsa ndikutukwana Mwangi chamumtima, ana ake aja ndinawalanda madalitso onse.

Tiya ataimba kufunsa za ulendo ndinamuuza za basi, za fumbi, za matiresi. Za lenzi sindinanene. Iye anati mwana akumenya kwambiri, ndipo anandikumbutsa kuti akufuna maso a amayi aoneke.

Ku Mbeya ndinataya m'mawa wonse ndikuzungulira masitolo kufunafuna lenzi yokoka. Ankandionetsa makava a foni. Wojambula wina wa maukwati anali nayo, anavomera kusinthana, koma titayesa kuilowetsa inakana chifukwa inali ya mtundu wina wa kamera. Nditabwerera ku Uyole, pokwerera basi za kumalire, ndinapeza Mayi Chisale atakhalira matiresi anga, akudya nthochi, basi ziwiri za kumalire zitawasiya chifukwa cha ine. Sanandikalipire. Anangondipatsa nthochi imodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Ku Tukuyu mvula inatipeza, ndipo matiresi anali padenga. Pa Kasumulu osintha ndalama anatizinga ngati ntchentche, wa kabaza anamanga matiresi panjinga n'kuuyamba wa pamlatho wa Songwe ine ndisanadinditse pasipoti, moti ndinamaliza zonse khosi litapotokera kuwindo. Ku Karonga minibasi inkati yatsala munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo tinamudikira mpaka njala inatipweteka. Pa Chiweta inakwera phiri ngati nkhalamba. Ku Mzuzu tinagonanso. Pa Jenda matiresi anatsitsidwa ndi kukwezedwanso, ndipo ine ndinali nditasiya kulankhula ndi aliyense.

Potsika pa Kasungu, Mayi Chisale anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza kuti ndisadzivutitse, ndikangomupatsa mlamu wanga kamerayo alowe nayo. Ndinadabwa kuti nzeru yapafupi chonchi sinandifikire. Panjinga yamoto yopita kumudzi, matiresi atapingasa kumbuyo, mtima unakhalako pansi.

Esinta anatilandira, anang'amba pepala lija, ndipo iye ndi mayi wina woyandikana nawo analowetsa matiresi kuchipinda. Ndinamva akuwatembenuza odwalawo, ndinamva kubuula. Matiresi amene ndinakangana nawo m'mayiko atatu analowa osagogoda n'komwe. Ine anandiikira mpando pabalaza, pafupi ndi chitseko chotsekula theka, ndipo moni unayenda monga mwa masiku onse. Esinta anawauza mayi kuti alamu afika, mayi anamuuza Esinta kuti awafunse alamu ngati ayenda bwino, ine ndinayankha ndikuyang'ana nsapato zanga kuti ndayenda bwino. Linali bodza lalikulu kwambiri limene ndinanenapo m'nyumba imeneyo.

Nthawi inali yochepa. Tchuthi chinali chitadyedwa ndi msewu, ndipo m'mawa mwake ndinayenera kuuyambanso. Ndinakonza kamera, ndinamuonetsa Esinta pogwira ndi podina, analowa. Anatuluka ndi chithunzi cha mfundo ya duku, yooneka ulusi uliwonse, nkhope ili mbuu. Lenzi yotseguka chonchi imagwira kamalo kochepa kwambiri, ukaphonya diso waphonya munthu. Ndinamufotokozera za kabokosi kofiira kooneka m'kamera, koti akaike padiso la mayi. Analowanso. Anabwera ndi khutu. Kenako khoma, kenako bulangete. Mumdimamo kamera inkasakasaka yokha, iye n'kumadina isanapeze. Mawu anga anayamba kukwera, ndipo Esinta, munthu woti sanagone bwino chidwalireni mayi ake, anandiikira kamera pamwendo.

"Alamu, ine ndatopa, amayinso atopa. Mutu wawo sukhala malo amodzi, ndiugwire ndi dzanja liti?"

Ndinaiwala mwambo pang'ono n'kusuzumira pampata wa chitseko. Zinali zoona. Mutu wa a Nabanda unkagwedezeka pang'onopang'ono osaleka, ngati munthu wokana chinthu. Esinta anati chiwagwereni matendawa umatero. Pamenepo ndinakumbukira Mwangi akupukusa mutu kuseri kwa sitolo. Lenzi yaitali ija, imene ndinailira kuchokera ku Mtera mpaka ku Kasungu, ikanandipatsa bulangete looneka bwino ndi mzukwa pamwamba pake. Munthu ndinamutukwana pachabe. Koma zimenezo sizinanditonthoze, zinangondiwonjezera ukali, chifukwa lenzi yoyenera inali pamwendo panga ndipo pakati pa ine ndi bedi panali masitepe ochepa oti sindikanawayenda.

Ndinaimirira pakhomo, ndinajambula chomwecho kuti ndisabwerere chimanjamanja. Njere ya mtedza ija inatulukanso. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza mawu okamuuza Tiya.

M'chipindamo munamveka mawu olemera, otuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"Esinta, afunse alamu akowo. Chithunzicho Tiya akamachiona, azikhala ali pati?"

Ndinayankha kudzera mwa Esinta kuti azikhala ali ku Nairobi, kunyumba.

"Sindikunena zimenezo. Iwo akajambula ali pakhomo, ndiye kuti mwana wanga azindiona ali pakhomo?"

Ndinati ndi choncho. Pamene waima wojambula m'pamene amaima woona chithunzi.

Kenako, koyamba chikwatireni mwana wawo, a Nabanda analankhula ndi ine popanda wodutsiramo.

"Lowani, bambo. Mwana wanga sanazolowere kuima pakhomo."

Esinta anandiyang'ana, ine ndinayang'ana Esinta. Ndinavula nsapato. Ndinalowa chowerama n'kukagwada pambali pa bedi, fungo la pulasitiki ya ku Industrial Area lili m'mphuno. Manja anga ankanjenjemera kuposa mutu wawo. Esinta anapinda kangodya ka chitenje cha pawindo, kuwala kochepa kunagwera patsaya. Kuti kabokosi kofiira kakhale padiso ndinayenera kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene sindinachitepo, ndipo ndinapeza kuti ndi maso a Tiya enieni, ngakhale kakhwinya ka pakati pa nsidze.

"Sindikuyang'ana inu," anatero. "Jambulani."

Anayang'ana m'galasi la lenzi, anayesa kukweza mbali ya pakamwa imene imamvabe, ndipo ndinadina. Ndinadinanso kangapo. Lenzi inagwira zonse, kunjenjemera kwanga ndi kwawo komwe. Nditatuluka ndinakaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, nsapato zili m'manja.

Za ulendo wobwerera sindinena zambiri. Popanda matiresi ndinali munthu wamba, palibe kondakitala anandiyang'ana kawiri. Tiya ankafuna ndimutumizire chithunzicho pa foni, ndinakana, ndinati achione chonse bwinobwino. Ndinatsika pa Mombasa Road madzulo, fumbi la mayiko atatu lili m'tsitsi, ndipo ndinakwera masitepe a kunyumba ndikukonza mmene ndidzitamire, kuyambira pa Mwangi mpaka pa kabokosi kofiira.

Sanandipatse mpata. Anandilanda kamera ndisanakhale pansi. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chikuyenda patsaya la mayi ake, dzanja lina lili pamimba. Ndinadikira kuti anene kuti chatuluka bwino.

"Munali pafupi chonchi?" anafunsa osadzutsa mutu. "Munalowa kuchipinda kwa amayi?"

Ndinati eya.

"Munalowa nokha, kapena anakuitanani?"

Ndinati anandiitana okha, ndipo ndinamuuza mawu amene ananena. Tiya anakhala pansi pang'onopang'ono, kamera ataikumbatira pachifuwa.

"Ndiye kuti akudziwa kuti sindikawapeza ali moyo," anatero.

Zodzitama zanga zonse zinathera pomwepo. Ndinakhala pambali pake, chikwama chidakali kumsana.